Ola Losagulitsidwa: Bawo, Foni ndi Bata la Mlendo ku Cape Town

Lamulungu masana, pamene mphepo ya kummwera chakummawa, imene munthu wa kunyanja angaitche mwera, ikukuntha malata m'madera a Imizamo Yethu, Masiphumelele, Dunoon ndi Capricorn, Chichewa, Chiyao ndi Chitumbuka zimamveka mokweza kuposa masiku ena onse. Amalawi amene sabata yonse amakhala atamwazikana m'minda ya maluwa ya ku Constantia, m'makhitchini a ku Sea Point ndi Camps Bay, m'malo omwetsera galimoto mafuta ndi pa ntchito za zomangamanga, tsikuli amapezana. Apa amuna azungulira thabwa la bawo, nkhomo zikugwera m'maenje. Apo mayi akuthirira mpiru umene adafesa m'matayala akale. Uko mnyamata wakhala yekha pakhomo, maso ali pafoni, akuseka ndi anthu amene ali ku Mangochi kapena ku Mzimba, ulendo wa masiku angapo pabasi.

Mwa anthu onsewa palibe amene adadza ku Cape Town kudzasewera. Adasiya ana ofuna fizi, makolo odikira feteleza ndi nyumba zosafolera. N'chifukwa chake chithunzi cha Lamulunguchi chimadzutsa mafunso awiri amene nkhani ino ikufuna kuwasinkhasinkha. Kodi munthu amene adasiya umphawi kwawo ali ndi ufulu wosangalala? Ndipo ngati ali nawo, kodi chilichonse chotayitsa nthawi chimapatsa mtima bata, kapena zilipo zina zimene zimangomubera munthu nthawi yochepa yomwe idamutsalira?

Mtengo wa ola

Kwa munthu wa maganyu, ola lili ndi mtengo wodziwika. M'mwezi wa Malichi 2025 boma la South Africa lidakhazikitsa R28.79 ngati malipiro otsikitsitsa a ola limodzi, ndipo kuyambira mu 2022 antchito a m'nyumba adayamba kuwerengedwa mofanana ndi ena onse pa lamuloli. Mlendo amadziwa kusandutsa ola kukhala marandi, marandi kukhala makwacha kudzera ku Mukuru kapena kwa woyendetsa basi, makwacha kukhala ndowa ya chimanga. Masamu amenewa akalowa m'mutu satuluka. Amamunong'oneza munthu kuti ola limene wakhala pa bawo ndi ola lobedwa kwa ana ake. Kumudzi nako kuli liwu loopsa limene lidakhazikika m'masiku a Wenela ndi Theba, pamene amuna ankapita kumigodi ya ku Joni: liwu loti mtchona, munthu amene adakomedwa ndi moyo wa kuchilendo naiwala kwawo. Chithunzi chimodzi chojambulidwa pagombe la Muizenberg n'kuikidwa pa Facebook chimakwanira kuti achibale ayambe kunong'onezana kuti uje watchona.

Mantha amenewa ali ndi maziko, pakuti mabanja osiyidwa alipo ndithu. Komabe maganizo amene ali pansi pake ayenera kufunsidwa. Maganizowo ndi oti mpumulo ndi mphotho imene munthu amalandira akamaliza udindo wake. Vuto ndi loti udindo wa wosauka sutha. Fizi ikalipidwa kumabwera matenda, matenda akatha kumagwa maliro. Ngati mpumulo uyenera kudikira kutha kwa mavuto, ndiye kuti wosauka adzapumula m'manda mokha.

Aristotle adasiyanitsa zinthu zitatu: ntchito, kupumula kobwezera mphamvu kuti ntchito ipitirire, ndi nthawi yomasuka imene munthu amachita chinthu chifukwa chakuti chinthucho n'chabwino pachokha. Nthawi yachitatuyi Agiriki ankaitcha *schole*, liwu limene lidayenda m'zilankhulo zambiri mpaka kudzafika m'Chichewa ngati sukulu. Iye adaphunzitsa kuti anthu amagwira ntchito kuti apeze nthawi yomasukayi, pakuti m'menemo ndi m'mene umunthu umaonekera mokwanira. Koma Aristotle ankanena za mfulu za ku Athens, zimene zinkamasuka chifukwa akapolo ankazigwirira ntchito. Cape Town imalidziwa bwino dongosolo limeneli. Munda wa mpesa wa Constantia, umene Simon van der Stel adautsegula mu 1685, udalimidwa ndi akapolo, ndipo ambiri mwa akapolo a ku Cape adachokera ku Madagascar, ku Mozambique, ku India ndi kuzilumba za Indonesia. Mwambo wa Tweede Nuwe Jaar, umene umadzaza misewu ya mzindawu ndi oimba ovala zonyezimira kumayambiriro kwa Januwale, umakumbukiridwa kuti udachokera ku tsiku limene akapolo ankaloledwa kupuma. Lero kapinga wosalala amene mwini nyumba amapumulirapo madzulo amatchetchedwa ndi manja a mlendo. Funso la yemwe ayenera kupuma lakhala likuyankhidwa mokondera mumzindawu kwa zaka zoposa mazana atatu.

Chichewa chili ndi yankho lake pa nkhaniyi, ndipo yankholo labisala m'mneni mmodzi. Kupuma ndi kukoka mpweya, kupumanso ndi kuleka ntchito kwa kanthawi. Chilankhulo chimene chidapatsa zinthu ziwirizi dzina limodzi chidaona kuti zonse n'zofunika kuti moyo ukhalepo. Munthu sapempha chilolezo kuti apume mpweya, ndipo sadikira kuti ayambe wabweza ngongole. Mlendo amene wakhala pansi Lamulungu sakuba kanthu kwa ana ake. Anawo akufuna ndalama, koma akufunanso bambo kapena mayi amene adzabwerere ali munthu wathunthu.

Phunziro la bawo

Kuti zimveke bwino kuti bata limachokera kuti, ndi bwino kuyang'anitsitsa masewera a bawo. Thabwa limakhala ndi mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, onse pamodzi 32, ndipo nkhomo zimakhalapo 64, wosewera aliyense 32. Pa kaseweredwe kofala ku Malawi, nkhomo 8 zimaikidwa m'nyumba, ziwiriziwiri m'maenje awiri oyandikana nayo, ndipo 20 zimatsala m'manja. Amene akufuna kudya nkhomo za mnzake ayenera kuwerengeratu m'mutu kumene dzanja lake likathere, ndipo kusuntha kumodzi kumatha kuzungulira thabwa kangapo, kukusintha chiwerengero cha nkhomo m'dzenje lililonse limene kwadutsa. Wofufuza wa ku Netherlands, Alex de Voogt, amene adaphunzira luso la akatswiri a masewerawa ku Zanzibar natulutsa zotsatira zake mu 1995, adaonetsa kuti ngakhale akatswiri saona patali kwambiri, kaamba koti thabwa limasandulika kotheratu pa kusuntha kulikonse.

M'kuvutaku ndi m'mene muli mankhwala. Nkhawa imafuna malo m'mutu kuti izungulire: lendi, pasipoti yotha masiku, apolisi, mwana wodwala. Bawo amalanda malo onsewo. Munthu sangawerenge nkhomo n'kumawerenganso ngongole nthawi yomweyo. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa bawo kudekhako kumabwera kokha chifukwa wopupuluma amadyedwa. Pathabwapo palibenso bwana. Malamulo ndi amodzi kwa amene ali ndi zikalata ndi amene alibe, kwa woyang'anira antchito ndi wosakaniza simenti. Munthu amene sabata yonse waitanidwa ndi mluzu kapena ndi dzina limene bwana adangomupatsa poti lake ndi lovuta kutchula, pa bawo amatchedwa katswiri, ndipo anzake amakumbukira mmene adatakatira mwezi watha.

Koposa zonse, masewerawa ali ndi mathero. Johan Huizinga, m'buku lake la *Homo Ludens* la mu 1938, adanena kuti sewero lenileni limadziwika ndi malire ake a nthawi ndi malo. Mzere wa kutsogolo ukauma, sewero latha, nkhomo zimabwezedwa, ndipo wogonja amanyamuka ali ndi zonse zimene adabwera nazo, kuwonjezapo nthabwala za oonerera. Ophunzira zilankhulo angakonde kuona kuti m'Chiswahili, kumene dzina la bawo lidachokera, *kucheza* ndi kusewera, pamene m'Chichewa kucheza ndi kukhala pamodzi n'kumakambirana. Pa thabwa la bawo matanthauzo awiriwa amakumana.

Kadimba ka m'matayala kamaphunzitsa zomwezo mwa njira ina. Manja amene amadulira maluwa a bwana Lolemba ndi omwewo amene amapatulira mpiru Lamulungu, ndipo thukuta ndi lomwelo. Chosiyana ndi mwini nthawi. Pa chilala cha mu 2018, pamene khonsolo ya mzindawu idalamula kuti munthu asapitirire malita 50 a madzi patsiku, aliyense wofuna kusunga kadimba adayenera kukathirira ndi madzi osambira kapena ochapira. Phindu la masamba ochepawo silikadalipira khama lotero. Chimene chinkatetezedwa chinali kamalo kamodzi padziko kamene munthu amalamula yekha. Nelson Mandela, atasamutsidwira kundende ya Pollsmoor mu 1982, kufupi ndi chigwa chomwecho cha Constantia, adalima ndiwo zamasamba m'migolo yodulidwa pakati pa chifukwa chofananacho.

Bwalo la m'manja

Anthu ophunzira amafulumira kutamanda bawo ndi kunyoza foni, ngati kuti chakale chilichonse n'choyera. Chiweruzo chotere chimaiwala mmene moyo wa mlendo ulili. Bawo amafuna thabwa, mnzake wosewera naye ndi malo okhala poyera, ndipo mwa chizolowezi ndi masewera a amuna. Mayi amene amagona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya dona wake ku Claremont alibe zonsezi. Bwalo lake ndi foni. M'menemo amamvera wailesi ya Zodiak kapena MBC, amatsatira kwaya ya mpingo wa kwawo, amaphunzira maluko atsopano a tsitsi, amaseka ndi mchemwali wake wa ku Ndirande. Agogo ake a m'nthawi ya Wenela ankadikira kalata kwa milungu yambiri, nthawi zina yowerengedwa ndi munthu wina. Iye amamva mawu a amayi ake usiku womwewo.

Palinso nkhani ya chitetezo. M'mwezi wa Meyi 2008 ziwawa zodana ndi alendo zidapha anthu 62 m'dziko la South Africa, ndipo ku Cape Town anthu zikwizikwi adathawira m'misasa monga ya Soetwater ndi Blue Waters. Amene adaona zimenezo amadziwa kuti pali malo ena, monga m'minibasi kapena m'sitima, pamene kuyankhula Chichewa mokweza kumamuonetsa munthu poyera. Pagulu la WhatsApp la anthu a kwawo, munthu yemweyo amamasula lilime, amaponya miyambi ndi zining'a, amatsutsana za Bullets ndi Wanderers. Usiku wa pa 25 Januwale 2022, pamene Gabadinho Mhango adagoletsa chigoli cha patali chija pokumana ndi Morocco ku Cameroon, Amalawi a m'maiko ambiri adakuwa nthawi imodzi, ndipo ngakhale Flames idagonja 2–1, kwa mphindi zingapo mtunda wa pakati pa Dunoon ndi Lilongwe udafafanizika. Pamene boma lidatseka dziko pa 27 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, maganyu adaima ndipo kusonkhana kudaletsedwa, kotero foni idasanduka njira yokhayo yochezera, yolirira maliro ndi yosonkherana ndalama. Kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Ngati kachipangizo kakuchititsa kuti wokhala yekha akhale ndi mnzake, kakutumikira umunthu.

Chikomekome cha nkuyu

Komabe foni yomweyo ili ndi zipinda zina zimene zidamangidwa ndi cholinga chosiyana. Mu 2006 Aza Raskin adakonza njira yoti tsamba la pa intaneti lisamathe, chala chikangokankha kumabwera zina, ndipo patapita zaka adanena poyera kuti akumva chisoni ndi zotsatira zake. Kale B.F. Skinner adaonetsa ndi nkhunda kuti nyama imalimbikira kwambiri kujompha pamene mphotho ikubwera mosadziwika nthawi yake. Mavidiyo aafupi osatha ndi masewera a juga a pafoni amayenda pa mfundo yomweyi: mwina chotsatiracho ndiye chabwino. Natasha Dow Schüll, amene adafufuza otchova juga pamakina ku Las Vegas natulutsa buku la *Addiction by Design* mu 2012, adapeza kuti ambiri a iwo sankaseweranso kuti apambane. Ankafuna kulowa m'kachidima kena m'mene nthawi, thupi ndi mavuto zimazimiririka, ndipo makinawo adakonzedwa kuti awasunge m'menemo mpaka ndalama zitatha.

Zimenezi zafika kale pakhomo. Bungwe la National Gambling Board lidalengeza kuti m'chaka cha zachuma cha 2023/24 ndalama zimene zidabetchedwa m'dziko la South Africa zidapitirira R1 thiriliyoni, ndipo gawo limene linkakula mofulumira linali la kubetcha pa masewera, makamaka pa intaneti. Kwa mlendo wotopa, juga ili ndi chinyengo chapadera: imalonjeza kuthetsa mkangano uja wa pakati pa kupuma ndi udindo. Imamuuza kuti atha kusewera n'kumapezanso ndalama za kumudzi nthawi yomweyo. Apa ndi pamene mwambi wa chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere, umagwira ntchito. Ngakhale opewa juga amalipira, pakuti bungwe la Competition Commission lidapeza mu 2019 kuti osauka, amene amagula mabandulo ang'onoang'ono, ankalipira mtengo wokwera pa data kuposa olemera.

Blaise Pascal, m'zaka za m'ma 1600, adadandaula kuti anthu amathamangira zosangalatsa pofuna kuthawa kuganizira za tsoka lawo. Adanena zoona za mtundu umodzi wa zosangalatsa, koma adalakwitsa poika zonse m'dengu limodzi. Kuiwala ndi bata ndi zinthu ziwiri. Zonse zimatontholetsa nkhawa, koma zimasiyana pa mmene munthu amanyamukira. Wochoka pa bawo, padimba kapena pa macheza ndi amayi ake amanyamuka atasanguluka, ndipo mavuto amene adawasiya amawapeza ali pa msinkhu wake weniweni. Wochoka pa maola anayi a mavidiyo kapena a juga amanyamuka mutu uli waukulu, tulo tataya, bandulo yatha, mavuto akula.

Choncho malire enieni sadutsa pakati pa thabwa ndi foni. Bawo naye atha kusanduka juga ndalama zikaikidwa pambali pake, ndipo mwamuna atha kubisalapo pothawa banja. Ludo wa pafoni wosewera ndi mlongo wa ku Zomba atha kukhala mankhwala. Muyezo uli m'mafunso atatu amene munthu aliyense angadzifunse. Kodi chinthuchi chili ndi pothera pake, kapena chidakonzedwa kuti chisathe? Kodi nthawi imene yathera pamenepo yapindulira mwini wake, kapena kampani imene imagulitsa maso ake kwa otsatsa malonda? Kodi chikatha, munthu amabwerera kwa anthu anzake ali womasuka, kapena amawabisira zimene wachita?

Kodi bata si chiphaso cha opondereza?

Pali chitsutso china cholemera chimene ophunzira mbiri ya ntchito sangachilumphe. Munthu wosangalatsidwa saukira. Pambuyo pa sitiraka ya anthu akuda a m'migodi mu 1920, eni migodi adathandiza mmishonale wa ku America, Ray Phillips, kuonetsa mafilimu m'makomponi, ndipo magule a Lamulungu ankalimbikitsidwa ndi oyang'anira. Cholinga chinali choti antchito atangwanike, asaganize za malipiro. Kodi kutamanda bawo ndi kadimba si kuphunzitsa mlendo kuti akhutire ndi zinyenyeswa?

Yankho lili pachilumba chimene chimaoneka kuchokera kugombe la Blouberg. M'zaka za m'ma 1960 akaidi a ndale a ku Robben Island adapempha mobwerezabwereza, ena akulangidwa chifukwa cha pempholo, kuti aloledwe kusewera mpira. Ataloledwa adakhazikitsa bungwe la Makana Football Association, lokhala ndi malamulo olembedwa, oimbira ndi makomiti omva madandaulo, ndipo mu 2007 FIFA idalipatsa umembala waulemu. Anthu amene boma lidawalanda ufulu wonse adagwiritsa ntchito masewera podziphunzitsa kudzilamulira. Kusiyana kwa filimu ya pakomponi ndi mpira wa pachilumba kuli pa yemwe adasankha ndi yemwe adaika malamulo. Msangulutso woperekedwa ndi bwana kuti wantchito akhale chete umagonetsa. Msangulutso umene munthu wadzipezera umamukumbutsa kuti nthawi yake ikadatha kukhala yake yonse.

Ndipo wokumbuka zimenezi ndi amene amafunsa mafunso. Clements Kadalie, mwana wa ku Chifira m'boma la Nkhata Bay amene adaphunzira ku Livingstonia, adafika ku Cape Town mu 1918, ndipo mu Januwale 1919 adayambitsa bungwe la antchito la ICU, limene kumapeto kwa chaka chomwecho lidatsogolera sitiraka ya padoko. Chaka chomwecho bungwe la International Labour Organisation lidavomereza pangano lake loyamba, lonena za maola asanu ndi atatu a ntchito patsiku m'mafakitale. Mu 1948 ndime 24 ya chikalata cha ufulu wachibadwidwe cha United Nations idaika kupuma ndi kusanguluka pa mndandanda wa maufulu a munthu aliyense, ndipo lamulo la South Africa la mu 1997 lidaika maola 45 pasabata ngati malire a ntchito ya masiku onse. Nkhondo za antchito zakhala zikumenyedwa pa nthawi monga momwe zamenyedwera pa ndalama. Amene sadalaweko ola lakelake sangadziwe chimene akulandidwa bwana akamuuza kuti abwerenso Lamulungu.

Mawu omaliza

Mlendo ali ndi ufulu wosangalala, ndipo ufuluwo sudikira kuti mavuto a kumudzi athe. Achibale amene aona chithunzi cha pagombe ayenera kudekha asanatchule liwu la mtchona, pakuti munthu wotumiza ndalama mwezi ndi mwezi ndi munthu ndithu, ndipo amatopa. Koma ufuluwu umadza ndi ntchito yake, imene ndi kuulondera. Sabata ya mlendo idagulidwa kale ndi ena pa mtengo wa ola. Maola ochepa otsalawo akufunidwanso ndi amalonda amene safika ndi galimoto pamphambano ya msewu, amene amalowa mwakachetechete kudzera m'thumba la malaya. Kusankha chochita ndi maola amenewa ndi nkhani ya chikhalidwe yolemera monga kusankha kochita ndi malipiro.

Dzuwa likamalowa kuseri kwa phiri la Sentinel ku Hout Bay, osewera amatola nkhomo n'kuziwerenga kuti zikwane 64 asanazithire m'kathumba, chifukwa imodzi ikasowa sewero la sabata ya mawa lidzavuta. Mayi uja amathyola mpiru wa ndiwo za madzulo. Mnyamata uja, ngati wachita mwayi, amatsanzikana ndi a kwawo, nathimitsa foni nthawi ya tulo isanapite. M'mawa kusanache onse adzakhala pamzere wa minibasi.